Intaneti M'nyumba Yosanja: Ikani Mapaipi Silabu Isanathiridwe

Ambiri amene akumanga nyumba zosanja ku Chalala, ku Ibex Hill, ku Meanwood kapena uko ku Silverest panjira ya ku Chongwe amakumbukira za intaneti atalowa kale m'nyumbamo. Amagula rauta imodzi n'kuikhazika pabalaza pambali pa TV, ndiye madandaulo amayamba usiku womwewo: pansi zonse zikuyenda, koma kuzipinda zam'mwamba foni ikungozungulira. Amaimbira kampani ya intaneti, amasintha rauta, ena mpaka kusintha kampani imene, osadziwa kuti chowavutitsacho chili pamutu pawo. Pakati pa nsanjika ziwirizo pali silabu ya konkire yokhuthala masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo mkati mwake muli zitsulo zolukanalukana. Konkireyo imameza mphamvu ya Wi-Fi, zitsulozo zimabweza ina, ndipo yochepa imene yafika m'mwambamo imakakumananso ndi makoma a mabuloko opakidwa pulasitala uku ndi uku.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi: nsanjika iliyonse ikhale ndi access point yake, kachipangizo koulutsa Wi-Fi, ndipo iliyonse ilumikizidwe ndi waya kuchokera pamalo amodzi. Zipangizozo mungagule chaka chamawa ndalama zikapezeka. Mawaya nawonso angadikire. Chimene sichidikira ndi mapaipi odutsamo mawayawo, chifukwa konkire ikauma basi kwatha.

Yambani ndi pulani ndi pensulo

Tengani mapepala a pulani ya nyumba, a nsanjika zonse ziwiri, mukhale pansi ndi apabanja panu. Chongani paliponse pamene padzakhale chinthu chosasuntha chofuna intaneti: TV ya pabalaza, TV ya kuchipinda kwanu, dikoda, tebulo logwirirapo ntchito, printer, powerengera ana, makamera a panja, belu la pageti. Chilichonse chosayenda chikhale pa waya, kuti Wi-Fi itsalire mafoni ndi malaputopu. TV imodzi yoonetsa mpira kudzera pa intaneti imakoka zambiri kuposa mafoni angapo, ndipo mukaichotsa pa Wi-Fi ena onse amapuma.

Pamalo aliwonse amene mwachonga, konzerani mawaya awiri. Kuseri kwa TV yaikulu konzerani anayi. Mtengo wa waya wachiwiri ndi wochepa mukauyerekeza ndi kudzaswa khoma lopenta kale, ndipo mmodzi akadzaduka mudzangosamukira kwa mnzakeyo. Musadabwe nyumba ya zipinda zogona zinayi ikafika mawaya 20 mutaphatikiza a makamera.

Wa zamagetsi akaona pulaniyo mwina adzati, "Bwana, masiku ano zonse n'za Wi-Fi, mawaya onsewa ndi a chiyani?" Musakangane naye. Ingomuuzani kuti, "Amisiri, inu ikani mapaipiwo, za mawaya tidzaona m'tsogolo." Ndi ntchito yowonjezera, choncho mugwirizane mtengo wake poyamba pomwe, apo ayi adzaigwira monyinyirika.

Pamene zonse zidzakumane

Sankhani malo amodzi amene mawaya onse adzathere. Kunsi kwa masitepe kumakhala bwino m'nyumba zambiri zosanja, chifukwa ndi chapakati ndipo n'kufupi ndi pamene mapaipi angakwerere m'mwamba. Kasitolo kakang'ono kapena khoma la m'kachipinda kogwiriramo ntchito nakonso n'kabwino. Kukhitchini ayi, chifukwa cha nthunzi ndi mafuta. Pafupi ndi giza kapena khoma la bafa ayi. M'kati mwa denga ndiye musayese n'komwe: kutentha kwa pansi pa malata mwezi wa Okutobala kumapha zipangizo msanga. Ngati malowo ali ndi chitseko, chikhale ndi timipata tolowera mpweya m'munsi ndi m'mwamba.

Pamenepo padzakhala kabati yaing'ono yachitsulo yokhomera pakhoma, ya msinkhu wa 6U kapena 9U pa muyezo wa makabati otere, ndipo mkati mwake mudzakhala rauta, switch (kabokosi ka mabowo ambiri kogawa intaneti ku mawaya onse), patch panel (mzere wa masoketi pamene mawaya a m'makoma amathera), ndi chojambulira cha makamera ngati mudzakhale nacho. Ikanipo masoketi a magetsi awiri a pawiripawiri, ndipo muuze wa zamagetsi kuti masoketi amenewa akhale pa mzere umene udzadyetsedwe ndi inveta.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri ozolowera magetsi amalakwitsa kawirikawiri. Masoketi a magetsi amalumikizidwa motsatizana, kuchoka pa iyi kupita pa inayo. Mawaya a intaneti satero. Waya aliyense amachoka pakabati n'kukafika pamalo ake yekha, wathunthu, wopanda cholumikiza pakati. Kutalika kwake kusapitirire mamita 90 m'khoma, kuti mukaphatikiza timawaya tolumikizira zipangizo mbali zonse ziwiri musadutse mamita 100. M'nyumba wamba simungafike pamenepo, koma pa kamera ya pageti kapena ya kuseri kwa mpanda muyeze ndithu.

Kumene intaneti idzalowere

Lero mwina mukugwiritsa ntchito rauta ya 4G kapena 5G ya MTN kapena Airtel. Mawa faiba, waya wagalasi wonyamula intaneti, ya Zamtel kapena Liquid ingafike mumsewu mwanu. Starlink, intaneti ya pa setilaiti yolandiridwa ndi dishi, nayo inayamba kupezeka muno m'Zambia mu Okutobala 2023, ndipo ambiri okhala kumalo atsopano kumene faiba sinafike akudalira imeneyo. Simukudziwa kuti zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala pa iti, ndiye konzerani makomo awiri.

Khomo loyamba ndi paipi ya pansi pa nthaka, ya mamilimita 32 kapena kuposa, yochokera kumpanda wa kumsewu kukafika pakabati. Ikwiriridwe musanayale ma paver pabwalo. Faiba ndi galasi, sifuna kupindidwa mwamphamvu, choncho pokhota pazikhala pozungulira bwino. Kumpandako paipiyo itulukire m'kabokosi kotseka kuti madzi ndi dothi zisalowe.

Khomo lachiwiri ndi paipi yochokera kudenga kutsikira pakabati, ya dishi kapena mlongoti. Nayo ikhale ya mamilimita 32, chifukwa waya wa Starlink amabwera ndi mutu wake kale ndipo m'paipi yopyapyala mutuwo sudutsa. Ngati mudzadalire 4G, yendani ndi foni m'nyumbamo makoma akaima, muone pamene netiweki ikugwira kwambiri. Nthawi zambiri ndi pawindo lina lam'mwamba loyang'ana kumene kuli nsanja ya kampaniyo. Pamenepo ikanipo waya ndi soketi ya magetsi, kuti rauta idzakhale pomwepo n'kumatumiza intaneti pansi kudzera pa waya. Kuitsekera kunsi kwa masitepe, pakati pa konkire, n'kuipha.

Mapaipi, ndipo apa ndiye pagona nkhani

Choyamba ndi njira yokwerera. Kuchokera pakabati, mapaipi awiri kapena atatu a mamilimita 32 mpaka 50 aboole silabu molunjika, adutse m'khoma lam'mwamba mpaka kukatulukira m'kati mwa denga. Imodzi mwa mapaipiwo muisiye yopanda kanthu. Mudzaifuna, ngakhale lero simukudziwa kuti pa chiyani.

Nsanjika yam'mwamba sivuta kwenikweni, chifukwa pamwamba pa siling'i pali mpata woti munthu n'kukwawamo. Mawaya amayenda m'dengamo n'kutsikira m'makoma. Ngakhale zili choncho, ayende m'mapaipi ndithu, chifukwa makoswe amakonda kutafuna chikopa cha waya, ndipo waya wogona pafupi ndi malata amauma n'kusweka.

Nsanjika yapansi ndiyo yofuna maso. Denga lake ndi silabu yomweyo, ndipo pokhapokha ngati mudzaikemo siling'i yolendewera, palibe mpata wobisamo kanthu. Ndiye kuti bokosi la access point yapansi liyenera kulowa m'konkire momwemo, monga amachitira ndi mabokosi a mababu. Tsiku limene akhoma matabwa ogwira konkire n'kuyala zitsulo, kwerani nokha pamwambapo ndi pulani m'manja. Pamene mwasankha, wa zamagetsi akhomere bokosi lozungulira chozondoka pathabwapo, alidzaze ndi mapepala onyowa a matumba a simenti kuti madzi a konkire asalowemo, alumikize paipi ndi guluu, n'kuimangirira ku zitsulo ndi waya pa mita iliyonse. Paipiyo iyende pamwamba pa zitsulo za m'munsi, isagone pathabwa, apo ayi idzaonekera kunsi kwa silabu. Ikanipo mabokosi awiri kapena atatu m'malo osiyanasiyana ngakhale mukuganiza kuti access point imodzi ikwana. Losagwiritsidwa ntchito limangotsekedwa ndi kachivundikiro koyera, palibe amene amaliona.

Za kukula kwa mapaipi, ya mamilimita 20 imanyamula mawaya awiri a intaneti a mtundu wa Cat6, ya mamilimita 25 imanyamula atatu kapena anayi. Mawaya asadzaze paipi kuposa magawo 40 pa 100 aliwonse, chifukwa ikathinana kukoka kwake kumasupula mawayawo. Ine ndimalangiza ya 25 paliponse, kusiyana kwa mtengo n'kochepa. Pakati pa bokosi ndi bokosi pasakhale makona opitirira awiri, ndipo makonawo apindidwe ndi sipuling'i kuti akhale ozungulira. Ma elbow a mapaipi a madzi, akuthwa aja, musawalole. Waya akafika pamenepo amangokanirira. M'paipi iliyonse musiyemo chingwe cha nayiloni chodzakokera. Waya womangira zitsulo, amene amisiri amakonda kusiyamo, amachita dzimbiri n'kuduka tsiku lomwe mwamufuna.

Waya wa intaneti asalowe paipi imodzi ndi wa magetsi, ngakhale kamtunda kochepa. Akamayenda mbali imodzi atalikirane masentimita 30, ndipo pamene akuyenera kudutsana adutsane mopingasa. Pakhoma, bokosi la intaneti likhale pambali pa soketi ya magetsi koma lililonse ndi paipi yake, ndipo likhale lakuya kuti waya asapindike mothinana kuseri kwake.

Tsiku lothira silabu mukhalepo, kapena pakhale munthu wanu wodziwa zimene zaikidwa. Tsiku limenelo pamakhala piringupiringu: mawilibala akudutsa pamatabwa, anyamata akuponda paliponse, kamakina konjenjemeretsa konkire kakugunda chilichonse chimene kapeza. Paipi ikathyoka kapena ikamasuka polumikiza, palibe amene adzaime kukuuzani. Mawa lake, konkire ikangogwira, kokani chingwe cha m'paipi iliyonse muone ngati chikuyenda. Ikakhala kuti yatsekeka, nthawi yoikonza ndi yomweyo konkire isanalimbitsitse.

Asanapake pulasitala, jambulani khoma lililonse ndi foni, tepi yoyezera itatambasulidwa pachithunzipo. Zithunzi zimenezi zidzakupulumutsani tsiku limene kalipentala akufuna kuboola khoma kuti akhome mashelefu kapena chogwirira TV.

Kugula waya

Gulani Cat6. Amanyamula intaneti pa liwiro la 1 Gbps, kutanthauza 1,000 Mbps, mpaka mamita 100, ndipo pa mtunda wosapitirira mamita 55 amatha kufika 10 Gbps, zimene zikukwanirani kwa zaka zambiri. Cat5e nayenso amafika 1 Gbps, koma poti mukukwirira m'khoma, onjezerani pang'ono. Cat6A ndi wonenepa komanso wouma, amavuta kukoka m'mapaipi ang'onoang'ono, ndipo m'nyumba yogona phindu lake silioneka. Waya wokutidwa ndi chitsulo mkati musavutike naye, amafuna kulumikizidwa ku earth mwaluso, ndipo akalakwika amabweretsa mavuto m'malo mowathetsa. Bokosi limodzi limakhala ndi mamita 305. Werengani kutalika kwa mawaya onse papulani, pa aliyense muwonjezere mamita atatu a kukwera, kutsika ndi kotsala kumapeto.

Chenjezo lalikulu lili pa chimene chili mkati mwa wayayo. Pamsika pali waya wotchipa wolembedwa CCA, ndipo wina salembedwa n'komwe. Ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amathyoka msanga akapindidwa, amatentha akamanyamula magetsi opita ku access point kapena kamera, ndipo pa mtunda wautali amafooka. N'zomvetsa chisoni kuti m'dziko lokumba mkuwa ngati lino tizikwirira aluminiyamu m'makoma mwathu. Musanalipire, pemphani wogulitsa akudulireni kachidutswa. Sendani kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni. Ngati pansi pa kufiirako patuluka zoyera zonyezimira, bwezani bokosilo. Mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka mkati. Mukhozanso kukaotcha ndi machesi: aluminiyamu amafota n'kugwa, mkuwa umangofiira osasintha. Bokosi la mkuwa limalemeranso kwambiri mukalinyamula.

Pokhazika ma access point

Access point ya pasiling'i imaulutsa mozungulira ndiponso chotsika, choncho malo ake ndi chapakati pa nsanjikayo, poyera. Pansi, ikhale pakati pa balaza ndi podyera, kumene anthu amakhala nthawi zambiri. M'mwamba, ikhale m'kanjira kolowera kuzipinda, chifukwa Wi-Fi imadutsa bwino pazitseko zamatabwa kuposa m'mabuloko. Ziwirizi zisayang'anizane ndendende, ina pamwamba pa inzake. Ngati yapansi yapendekera kutsogolo kwa nyumba, yam'mwamba ipendekere kumbuyo, kuti mphamvu yochepa imene imadutsa silabu ndi pamasitepe ikathandize kumene kuli kofooka.

Itetezeni ku zitsulo ndi madzi. Firiji, kalirole wamkulu, chitseko chachitsulo, thanki ya madzi ya m'denga, zonsezi zimatchinga. Ndipo musaibise m'kabati yachitsulo ija. Nyumba ikakhala yaitali kapena yokhota, kapena chipinda chachikulu chikakhala kuseri kwa bafa ndi makoma atatu, nsanjika imeneyo ifunika ziwiri. Pali ma access point ena ang'onoang'ono olowa pabokosi la pakhoma, amene amathandiza m'chipinda chovuta chotere, bola pakhale waya.

Mungayeseretu zonsezi makoma akaima. Bwerekani rauta iliyonse, muimangirire pamtengo pamalo amene mwasankha, muiyatse ndi power bank kapena jenereta ya pamalopo, n'kuyenda chipinda ndi chipinda muli ndi pulogalamu yoyezera Wi-Fi pafoni. Nambala zake zimakhala ndi kamzere kutsogolo. Pamene mphamvu ya Wi-Fi ikuonetsa -67 dBm kapena nambala yoyandikira ku ziro kuposa imeneyo, monga -55, ndiye kuti pali bwino ngakhale pa kuimba kwa vidiyo. Kukafika ku -75 ndiye kwayamba kuvuta. Kumbukirani kuti pulasitala, matailosi ndi zitseko zikadzalowa, manambalawo adzatsikanso pang'ono.

Ubwino wa ma access point amenewa ndi wakuti safuna soketi ya magetsi. Amadya kudzera pa waya wa intaneti yemweyo, njira yotchedwa PoE, kuchokera ku switch ya pakabati. Muyezo wa 802.3af umapereka mawati 15.4 pa waya aliyense, wa 802.3at umapereka 30. Ma access point ambiri a Wi-Fi 6 amafuna wachiwiriwu kuti agwire ntchito mokwanira. Pogula switch musangowerenga mabowo ake, onaninso mawati onse amene ingapereke pamodzi, muphatikize a makamera, ndipo pakhale otsala. Ngati mumakonda kukhala pakhonde kapena pabwalo madzulo, tulutsani waya mmodzi kunsi kwa denga la khondelo wa access point ya panja.

Kukoka ndi kumanga mitu

Mawaya akokedwe pulasitala atauma, siling'i yam'mwamba isanatsekedwe. Pakhale anthu awiri, wina akukoka, wina akulowetsa n'kumaongola kuti asapotane. Akakanirira musakoke mokakamiza, bwererani pang'ono n'kuyesanso. Pakabati musiye mita imodzi ndi theka yotsala, pakhoma masentimita 30. Lembani nambala mbali zonse ziwiri za waya nthawi yomweyo, musanakoke wina, ndipo nambalayo muilembenso papulani. Mawaya 20 abuluu atalendewera pamodzi opanda maina ndi ntchito ya tsiku lathunthu kuwasiyanitsa.

Waya wa m'khoma asamangidwe mutu wa pulasitiki uja wolowetsa mwachindunji m'kompyuta. Athere pa keystone, kasoketi ka pakhoma, ndipo kukabati athere pa patch panel. Kuchoka apo mugwiritse ntchito timawaya tofewa togula kale. Chifukwa chake n'chakuti waya wa m'khoma ndi wouma, akamagwedezedwa tsiku ndi tsiku amathyokera mkati.

Mkati mwa waya muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri. Dongosolo lofala ndi T568B: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere ya girini, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, ka girini, koyera ka mizere ya bulauni, ka bulauni. Pa keystone pamakhala mitundu yojambulidwa ya A ndi ya B. Tsatirani B mbali zonse, nyumba yonse. Pomasula kupotanako musapitirire mamilimita 13, chifukwa kupotana kumeneko ndi kumene kumateteza uthenga ku zosokoneza.

Yesani waya aliyense musanamalize kulipira mmisiri. Kachipangizo kotchipa koyesera kali ndi timagetsi 8 timene tiyenera kuyaka motsatana mbali zonse ziwiri. Kenako lumikizani laputopu muone liwiro limene yagwirizana ndi switch. Ikaonetsa 100 Mbps m'malo mwa 1,000, ndiye kuti kawaya kena sikanagwire, popeza 100 imayenda pa timawaya tinayi tokha pamene 1,000 imafuna tonse 8. Intaneti idzaoneka ngati ikuyenda, ndipo mukapanda kuyesa mudzakhala zaka osadziwa.

Kanyumba ka kuseri, geti ndi mphenzi

Mapuloti ambiri muno mu Lusaka ali ndi kanyumba ka kuseri ka alendi kapena achibale, ndiponso ka mlonda pageti. Kukoka waya wa mkuwa kuchoka nyumba ina kupita ina n'kuitana mavuto nthawi ya dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mphenzi sizisowa, ndipo siyenera kuchita kugwa panyumba panu kuti iwononge. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'waya wautali wa panja n'kukapsereza switch, nthawi zina ndi TV imene yalumikizidwako.

Pakati pa nyumba ziwiri gwiritsani ntchito faiba, chifukwa galasi silinyamula magetsi. Pali faiba yogulitsidwa yomangidwa kale mitu, ya utali wosiyanasiyana, imene imangofuna timabokosi tiwiri totchedwa media converter, tolumikiza faiba ndi waya wa mkuwa, kamodzi mbali iliyonse. Paipi yake ikhale yotakasuka kuti mitu ija idutse. Kumene mkuwa sungapeweke, monga pa kamera ya pampanda imene ikudya PoE, gulani waya wakuda wopangidwira panja, muukwirire m'paipi, ndipo polowera m'nyumba muikepo chotetezera mphenzi cholumikizidwa ku earth. Kabati yachitsulo ija nayonso ilumikizidwe ku earth, ndipo mufunse wa zamagetsi ayeze ngati chitsulo chimene anakhoma m'nthaka chikugwiradi ntchito.

Magetsi akazima

Amene anali muno mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo ZESCO ikugawa magetsi kwa maola owerengeka patsiku, safunika kuuzidwa zambiri. Phindu lina losonkhanitsa zonse pakabati imodzi ndi lakuti mukadyetsa malo amodziwo, nyumba yonse ili ndi Wi-Fi, chifukwa ma access point ndi makamera akudya kuchokera pomwepo.

Masamu ake ndi osavuta. Rauta, switch ndi ma access point awiri zimadya mawati pafupifupi 50 pamodzi. Kwa maola 10 ndiye kuti 500 Wh, mawati kuchulukitsa ndi maola. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma ngati ndi la lead acid muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti lisafe msanga, pamene la lithium limalola kutsika kwambiri. Makamera ndi chojambulira chake zikalowapo, mawati 50 aja amatha kuwirikiza. Dishi yaikulu ya Starlink payokha imadya mawati 75 mpaka 100, pamene ya Mini imadya 25 mpaka 40, ndiye muiwerengere padera. Ka UPS kakang'ono ka pakompyuta kamangokupatsani mphindi zochepa, ntchito yake n'kugwirizira pamene inveta kapena jenereta ikulandira.

Kutchera zonse

M'nyumba mukhale rauta imodzi yokha yogawa maadiresi, manambala amene chipangizo chilichonse chimadziwika nawo pa netiweki. Ngati mukugwiritsa ntchito marauta akale m'malo mwa ma access point, asintheni akhale pa access point mode kapena muzimitse DHCP yawo, imene imagawa maadiresiwo, apo ayi printer ndi makamera zizidzasowa popanda chifukwa chooneka. Mukafuna kuika rauta yanu kuseri kwa ya kampani, ya kampaniyo iikidwe pa bridge mode, kuti izingodutsitsa intaneti kupita ku yanuyo. Pa Starlink zimenezi zili pa bypass mode.

Ma access point onse akhale ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, kuti foni izisamuka yokha mukamakwera masitepe. Akakhala a kampani imodzi kusamukako kumayenda bwino kwambiri. Ma access point amaulutsa Wi-Fi pa mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osapondana, 1, 6 ndi 11, ndiye pansi ikani 1, m'mwamba 6 kapena 11, mulifupi mwake 20 MHz. Pa 5 GHz, ndi mulifupi wa 40 MHz, ina ikhale pa 36 inayo pa 44. Anthu ambiri amakweza mphamvu youlutsira mpaka kumapeto poganiza kuti ndiye bwino. Zotsatira zake foni imakakamira access point yapansi muli kale kuchipinda cham'mwamba. Tsitsani mphamvu ya 2.4 GHz ikhale yapakati kapena yotsika.

Sinthani pasiwedi yolowera m'rauta imene inabwera nayo, ndipo chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3. Tsegulani netiweki ina ya alendo, imene mungapatsenso a kunyumba ya kuseri, kuti asamafike pa makamera ndi makompyuta anu. Mukamaliza, imbirani munthu pa WhatsApp ndi vidiyo, muyende kuchokera kukhitchini, kukwera masitepe mpaka kuchipinda chakumapeto. Pamene padukire, pamenepo ndiye pofuna kusintha mphamvu kapena kuwonjezera access point pa limodzi la mabokosi otsala aja.

Ngati silabu inathiridwa kale

Zikadali zotheka, kungoti zidzaoneka pang'ono. Njira yosavuta ndi kukweza waya mmodzi kapena awiri m'mbali mwa masitepe, m'kangalande ka pulasitiki koyera komata pakhoma. Ina ndi kutulutsa waya panja, kumukweza m'paipi yotsamira khoma la kuseri n'kumulowetsa m'denga. Kuboola silabu n'kotheka ndi makina obowolera mozungulira, koma injiniya amene anajambula zitsulo ndiye akulozereni poboola, kuti musadule chitsulo kapena paipi ya magetsi. Access point yapansi ikhoza kukhala pakhoma chakumtunda m'malo mwa pasiling'i.

Mesh yopanda waya, tizipangizo ta Wi-Fi topatsirana intaneti mumlengalenga, ikhale njira yomaliza. Imagwira, koma kachipangizo kam'mwamba kamayenera kulankhula ndi kapansi kudzera m'silabu yomweyo, ndipo liwiro limatsika kwambiri. Mukakakamizika kutero, kamodzi kakhale m'munsi mwa masitepe, kena pamwamba pake, kuti tizionana pampata umenewo. Timabokosi todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi, ta powerline, timavuta m'nyumba zimene masoketi ake anagawidwa pa mafezi atatu kapena ena ali pa inveta ena ayi, choncho gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukatiyese kaye kunyumba, tikakanika mutibweze.